Kamera ya Pabanja: Kuisankha, Kuiyesa ndi Kuisamala Kuno ku Chiparamba

Ndalama za soya, mtedza kapena mpendadzuwa zikalowa pakhomo, mabanja ena kuno ku Chiparamba amakhala pansi n'kugwirizana zogulira kamera mwana amene wamaliza Giredi 12, kuti m'malo mongokhala azijambula anthu n'kumapezako kangachepe. Maganizo amenewa ndi abwino, ndipo ntchito ilipo chaka chonse: maukwati, makichini pate, ubatizo, kuvumbula ziliza, mpira wa sukulu, komanso miyambo ikuluikulu monga Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale ndi Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumapeto kwa Ogasiti. Koma kamera imadya matumba ambiri a zokolola, ndipo wogulitsa akangolandira ndalama kawirikawiri sabweza. Kabuku kano talemba kuti thukuta la banja lisapite pachabe.

Tikunena za makamera otchedwa DSLR, aja akuda okhala ndi lenzi yochotseka. Mkati mwake muli kagalasi kopendekeka kamene kamatumiza chithunzi kukazenera koyang'aniramo ndi diso. Mukadina batani, kagalasiko kamadumphira m'mwamba, chotchinga chotchedwa shata chimatseguka, kuwala n'kufika pa sensa, pomwe chithunzi chimagwidwa. Pafupifupi vuto lililonse limene mudzakumane nalo lidzachokera pa lenzi, shata, sensa, batire kapena memori khadi.

Musanapite patali, dzifunseni ngati kamerayo ikufunikadi. Ngati cholinga n'chongojambula ana ndi kutumiza pa WhatsApp kwa achibale a ku Lusaka kapena ku Kitwe, foni yabwino ikukwanira. DSLR imaposa foni pokoka chinthu chakutali, pogwira munthu amene akuvina kapena kuthamanga, pojambula m'tchalitchi mwamdima, ndiponso pamene chithunzi chikatsukidwe chachikulu chopachika pakhoma. Ngati zimenezi ndiye ntchito yanu, pitirizani kuwerenga.

Yatsopano kapena yogwirapo kale ntchito

Mu 2018 makampani a Canon ndi Nikon anatulutsa makamera amtundu watsopano opanda kagalasi kaja, okhala ndi malenzi awoawo: RF kwa Canon, Z kwa Nikon. Kuyambira pamenepo ojambula ambiri a kunja akhala akugulitsa ma DSLR awo, n'chifukwa chake ogwirapo kale ntchito achuluka ndipo atsika mtengo. Kwa banja la kuno umenewu ndi mwayi. Kamera imene inkajambula ukwati bwino mu 2014 ikujambulabe bwino lero. Chenjezo n'lakuti lenzi yolembedwa RF, Z kapena EF-M siilowa pa DSLR, ngakhale dzina la kampani likhale lomwelo. Mbale wa ku Johannesburg akafuna kukugulirani lenzi, mulembereni dzina lonse la kamera yanu.

Canon kapena Nikon? Zonse n'zabwino. Fufuzani imene ojambula anzanu a ku Chipata ndi midzi yoyandikana akugwiritsa ntchito, mugule yomweyo. Tsiku limene batire lidzakuthereni pakati pa ukwati, amene adzakupulumutseni ndi mnzanu wokhala ndi batire lofanana ndi lanu.

Oyenera kuyambira ndi monga Canon 600D, 700D, 1300D ndi 2000D, kapena Nikon D3200, D3300, D3500, D5200 ndi D5300. Kamera imodzi imatha kukhala ndi mayina awiri malinga ndi kumene inagulidwa: 600D ku America imatchedwa Rebel T3i, 1300D ndi Rebel T6, 2000D ndi Rebel T7. Wogulitsa asakuuzeni kuti ya dzina la Rebel ndi ina yapamwamba.

Za ma megapixel musavutike nazo. Chithunzi chija cha 6 ndi 4 chimene anthu amaika mu alubamu chimangofuna ma megapixel awiri ndi pang'ono, chachikulu ngati pepala la A4 chimafuna pafupifupi 9, pomwe makamera onse tawatchulawa ali ndi 18 kapena 24. Zofunika kuziyang'ana ndi zina. Ngati mukufuna kujambulanso mavidiyo a kwaya kapena malumbiro a ukwati, onani ngati pali pobayira maikolofoni: pa 600D, 700D ndi D3300 palipo, koma pa 1300D, 2000D, D3400 ndi D3500 palibe. Dziwaninso kuti makamerawa amadula vidiyo isanakwane mphindi 30, ena msanga kuposa pamenepo, ndiye si oikira ulaliki wonse osawakhudza. Ndipo ma Canon ambiri a 2000D, 4000D ndi 250D alibe kachitsulo kapakati pamalo pokhazika fulashi, moti mafulashi otchipa a makampani ena sawala. Tengani fulashi yanu mukaiyesere pomwepo.

Ndalama zonse zisathere pa kamera yokha. Siyani zogulira batire lachiwiri, makhadi awiri, fulashi yakunja ndi lenzi imodzi yabwino. Kamera yaing'ono yokhala ndi zonsezi imabweretsa ndalama kuposa yaikulu imene ili yokhayokha.

Lenzi ndiyo imapanga chithunzi

Makamera ambiri amabwera ndi lenzi ya 18-55mm. Musainyoze. Pa 18 imatenga banja lonse litaima kutsogolo kwa nyumba, pa 55 imatenga munthu mmodzi kuyambira m'chiuno. Kufooka kwake ndi mumdima. Pa 55 bowo lake lolowetsa kuwala limangofika f/5.6, pomwe lenzi yotchipa ya 50mm f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Nambala ya f ikakhala yaing'ono, bowo limakhala lalikulu. M'tchalitchi cha mazenera ang'onoang'ono kusiyana kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti nkhope ya mkwatibwi ioneke bwino kapena ituluke yosokonekera. Lenzi yomweyi ndiyo imafewetsa zakumbuyo, munthu n'kuoneka yekha, zimene makasitomala amakonda kwambiri.

Kwa Canon, ya 50mm f/1.8 STM, imene inatuluka mu 2015, ndi yodalirika. Koma pa makamera ang'onoang'onowa sensa ndi yocheperapo, ndiye 50mm imaoneka yokoka ngati 80mm pa Canon ndi 75mm pa Nikon. M'chipinda chopanikiza mudzafika pakhoma anthu asanakwane m'chithunzi. N'chifukwa chake kwa Nikon timalimbikitsa ya AF-S 35mm f/1.8G DX, ya mu 2009, imene imakwanira mkati ndi panja pomwe.

Apa pali mbuna imene yagwetsa ogula Nikon ambiri. Makamera onse a D3000 mpaka D3500 ndi D5000 mpaka D5600 alibe mota yolunjikitsira lenzi. Amadalira mota ya mu lenzi momwemo, ndipo lenzi yotero imalembedwa AF-S kapena AF-P. Ya 50mm f/1.8D ndi yotchipa, imalowa bwinobwino, imajambula, koma fokasi muzichita kupotokola ndi dzanja. Pa ukwati simungakwanitse. Nayonso ya AF-P ili ndi vuto lake: pa D3100, D3200 ndi D5100 siichita fokasi ngakhale ndi dzanja lomwe. Kwa Canon nkhani ndi yosavuta. Lenzi ya EF, ya kadontho kofiira, imalowa pa DSLR iliyonse ya Canon. Ya EF-S, ya kachizindikiro koyera, imalowa pa zing'onozing'onozi koma osati pa zikuluzikulu monga 5D ndi 6D.

Pa mpira ndi pa miyambo, pomwe simungayandikire, pamafunika lenzi yokoka: 55-250mm IS ya Canon, kapena 55-200mm VR kaya 70-300mm VR ya Nikon. Zilembo za IS ndi VR zikutanthauza kuti lenziyo imachepetsa kunjenjemera kwa manja. Ya Canon ya 75-300mm III imapezeka paliponse pamtengo wotsika, koma ilibe IS ndipo kumapeto kwake zithunzi sizituluka zakuthwa. Ndi bwino kudikira mpaka ndalama za 55-250mm zitakwana. Amene akulakalaka kukajambula njovu ndi mbalame ku South Luangwa adzafuna 300mm kapena kuposa, koma imeneyo ndi ntchito ya m'tsogolo.

Kuyesa musanapereke ndalama

Ng'ombe yolimira simuigula musanaione mano ndi mayendedwe ake. Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena MTN kwa munthu amene mwangoona chithunzi cha kamera yake pa Facebook. Kumanani masana pamalo pa anthu, mutatenga khadi lanu, tochi ya foni ndi pepala loyera, ndipo ngati n'kotheka pitani ndi wina wodziwa kujambula. Wogulitsa wachilungamo sakana kuti muyese kwa theka la ola.

Yambani ndi lenzi. Ichotseni, muwalitse tochi kuchokera kumbuyo, muyang'ane kutsogolo mopendeketsa pang'ono. Tifumbi tochepa tili mu lenzi iliyonse ndipo sitioneka pa chithunzi. Koma mukaona timizere toyera tokhala ndi nthambi tikuyambira m'mphepete, chimenecho ndi chuku, isiyeni. Mukaona utsiutsi pa galasi lonse, isiyeninso. Potokolani zumu kuchoka koyamba mpaka kumapeto, isagwire kapena kukhwekhwereza. Ibwezereni, mujambule pa 18, pa 35 ndi pa 55, poyamba ndi bowo lotseguka, kenako pa f/16. Malenzi ena a 18-55mm amene kawaya kake kamkati kayamba kuduka amajambula bwino malo amodzi n'kukanika malo ena, ndipo wogulitsa wochenjera amakuonetsani pabwinopo pokha.

Kenako sensa. Ikani kamera pa Av ngati ndi Canon, pa A ngati ndi Nikon, musankhe f/22, mujambule pepala loyera kapena thambo lopanda mitambo. Kulitsani chithunzicho pa sikirini, muyende nacho ngodya zonse. Madontho otuwa ndi fumbi, limachoka. Mzere wowongoka kapena chikanda chachitali ndi sensa yowonongeka, ndipo pamenepo palibe zokambirana.

Funsani kuti shata yajambula kangati. Ya makamera ang'onoang'ono ambiri inapangidwa kuti ifike pafupifupi 100,000. Ina imapitirira, ina imafa isanafike, koma imene ili pa 20,000 ndi imene ili pa 90,000 sizingakhale mtengo umodzi. Nikon imalemba nambalayi mkati mwa chithunzi chilichonse ndipo pa intaneti pali masamba oiwerengera. Canon zambiri zimafuna kulumikiza ku kompyuta. Gwirani batani kuti ijambule zingapo motsatizana, mumvetsere ngati kulira kwake kuli kofanana. Dzutsani fulashi yake, dinani mabatani onse, tsegulani mokhala batire muone ngati mulibe dzimbiri kapena zobiriwira, zimene zimasonyeza kuti inalowapo madzi.

Mukagwirizana, lembani pepala la mgwirizano lokhala ndi nambala ya kamera, ya lenzi, dzina la wogulitsa ndi nambala ya reji yake. Makamera obedwa alipo, ndipo wogula ndiye amatsala ndi mlandu. Mukagula ku Lilongwe, sungani lisiti kuti mukaionetse kwa a ZRA pachipata cha Mwami.

Fumbi m'chilimwe, chuku m'dzinja

Adani a kamera kuno ndi awiri, ndipo amasinthana ndi nyengo. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, mphepo, fumbi la m'misewu ndi phulusa la tchire lotenthedwa zimalowa paliponse. Pa Kulamba ovina akayamba kupalasa pansi, fumbi limakwera mpaka kuphimba bwalo lonse. Pamalo otero musachotse lenzi. Sankhani imodzi musanatuluke m'nyumba. Ngati mwakakamizika, lowani m'galimoto kapena m'nyumba, muzimitse kamera, muilozetse pansi, musinthe msanga. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene ali ndi Canon 1200D, 1300D, 2000D, 4000D kapena Nikon D3400 ndi D3500, chifukwa makamerawa sakutumula okha fumbi la pa sensa. Poyenda panjinga kapena pa njinga yamoto, chikwama chikhale kumsana, osati chomangidwa pa kaliyala, pakuti mabampu amamasula zamkati.

Gulani kapampu ka mphira kopemerera mpweya. Madontho akayamba kuoneka pamalo omwewo pa zithunzi zonse, tchajani batire lidzaze, musankhe pa menyu pamene pamadzutsa kagalasi kuti muyeretse, mulozetse kamera pansi, mupope kangapo kapampuko kasakukhudza kanthu. Musauzire ndi pakamwa, malovu amasiya zipsera. Musalowetsemo thonje, nthenga kapena nsonga ya chitenje, ndipo kagalasi musakakhudze n'komwe. Galasi lakutsogolo kwa lenzi liyambeni mwalipemerera, kenako mupukute ndi kansalu kofewa kopukutira magalasi a maso. Mukapukuta mchenga ulipo, mwalikanda.

Mvula ikayamba mu Novembala mpaka Epulo, mdani amakhala chinyezi. Chuku chimamera pomwe pali mdima, kutentha ndi chinyontho, ndiye kamera yosungidwa m'chikwama chake pansi pa bedi kapena mu sutikesi ya zovala ili pangozi. Pezani chigubu cha pulasitiki chotsekeka bwino, muikemo kamera ndi malenzi pamodzi ndi timapaketi ta silika, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Timapaketiti timakhuta chinyezi, choncho muzitiyanika pa dzuwa lamphamvu kawirikawiri. Mpunga musaikemo, umabweretsa fumbi ndi anankafumbwe. Chigubucho chisakhale kukhitchini kapena pafupi ndi matumba a feteleza. Kamera imene imatuluka mlungu uliwonse siigwidwa chuku msanga ngati yongosungidwa.

Nc'wala imachitika mvula ili mkati. Nyamulani pepala la pulasitiki ndi ambulera. Kamera ikanyowa kwambiri, chotsani batire nthawi yomweyo, chotsani khadi, muipukute, muiumitse pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo. Musaiyatse kuti muone ngati ikugwirabe, chifukwa magetsi akakumana ndi madzi mkati ndi pamene imapsa.

Ikavuta, yambani ndi zing'onozing'ono

Makamera ambiri amene eni ake amati afa amakhala ndi vuto loti n'kulikonza pakhomo. Chinthu choyamba nthawi zonse ndi ichi: zimitsani, chotsani batire, khadi ndi lenzi, dikirani mphindi imodzi, mubwezere chimodzichimodzi.

Ikakana kuyaka, onani ngati tizitseko ta batire ndi khadi tatsekeka mpaka kulira, chifukwa pa makamera ambiri kachitseko kakakhala kotseguka siyaka. Ngati m'kazenera mukuoneka zosalunjika koma zithunzi zikutuluka bwino, kawilo kakang'ono kali pambali pa kazenerako kasuntha. Kazungulitseni mpaka manambala a mkatimo aoneke bwino. Ikakana kuchita fokasi, onani kaswichi ka pa lenzi ngati kali pa AF kapena A. Mumdima ndi pakhoma lopanda mizere lenzi imangopita uku ndi uku. Lozani pa kolala ya malaya kapena pa diso. Malenzi ena a Nikon a 18-55mm amafuna kuti mudine kabatani n'kuwatambasula kaye.

Canon ikalemba Err 01, kamera ndi lenzi sizikumvana. Chotsani lenzi, mupukute tizitsulo tagolide takumbuyo kwake ndi kansalu kouma koyera, mubwezere mpaka imveke kuti yakola. Ikapitiriza, bwerekani lenzi ina. Ikagwira ndi yobwerekayo, vuto lili mu lenzi yanu ndipo kamera ilibe mlandu. Err 02 ndi khadi limene silikuwerengeka, Err 04 khadi ladzaza, Err 05 fulashi yalephera kudzuka, kawirikawiri chifukwa cha fumbi kapena chala chanu. Err 20 ndi Err 30 zikabwerezabwereza ndi za mkati, makamaka shata, ndipo n'zofuna mmisiri. Pa Nikon, fEE ikutanthauza kuti mkombero wa bowo pa lenzi yakale sunaikidwe pa nambala yaikulu kwambiri, monga 22. F yotsatana ndi timizere ndi lenzi imene sinakhale bwino. Chilembo r chokhala ndi nambala, monga r09, si vuto ayi, ikungokuuzani zithunzi zimene ingajambule motsatizana.

Zithunzi zosokonekera nthawi zambiri zimabwera chifukwa shata ikuchedwa. Anthu oima amafuna liwiro la shata la 1/125, oyenda 1/250, ovina ngoma ndi osewera mpira 1/500 kapena 1/1000. Kukada kwezani ISO kufika 1600 kapena 3200. Chithunzi cha timchengamchenga chimagulika, chosokonekera sichigulika. Mukaona mbali ina ya chithunzi yada bii pomwe mwagwiritsa ntchito fulashi yakunja, liwiro lapitirira 1/200, litsitseni. Nkhope zikamatuluka zakuda kwambiri pomwe kumbuyo kuli zenera kapena thambo lowala, kamera yapusitsidwa ndi kuwalako. Onjezerani +1 pa kabatani ka +/-, yatsani fulashi ngakhale ndi masana, kapena asunthireni anthuwo pamthunzi wa mtengo wa mango. Dzuwa la 12 koloko silikomera nkhope ya munthu aliyense.

Pa Gule Wamkulu, pa maliro, pa chinamwali ndi pa ana a eni, yambani mwapempha kwa amfumu kapena eni mwambo. Akakana, kamera ibwerere m'chikwama. Lenzi yokoka si chilolezo chojambula mobisa.

Mabatire ndi makhadi

Dziwani dzina la batire lanu: LP-E10 pa 1300D ndi 2000D, LP-E8 pa 600D ndi 700D, EN-EL14 pa ma Nikon kuyambira D3100 mpaka D3500 ndi D5100 mpaka D5600. Makamerawa satchajidwa ndi waya wa foni. Kwa amene ali kutali ndi malaiti a ZESCO, kapena pamene akuzimazima, pali timatchaja ta USB ta mabatire amenewa timene timagwira pa sola kapena pa pawabanki. Pa jenereta imene mphamvu yake ikukwera n'kutsika musatchajepo. Kuti batire likhalitse, jambulani moyang'anira m'kazenera, sikirini muziiyatsa mwa apo ndi apo. Batire lotupa lisalowenso mu kamera, ndipo lisatayidwe pamoto.

Makhadi awiri a 32GB ndi abwino kuposa limodzi lalikulu, chifukwa limodzi likafa simutaya ukwati wonse. Makamera akale monga Canon 500D ndi Nikon D3000 sawerenga n'komwe khadi loposa 32GB. Makhadi achinyengo ndi ambiri. Lotchipa modabwitsa limalemba kukula kumene lilibe, ndipo zithunzi zomalizira zimasowa. Latsopano liyeseni kunyumba polidzaza lonse musanapite nalo kuntchito. Mukakopera zithunzi malo awiri, lifufuteni ndi Format ya mu kamera momwemo. Pambali pa khadi pali kaswichi ka Lock: kamera ikakana kulemba, kakwezeni, koma popita kukatsukitsa zithunzi m'tauni katsitseni kuti mavairasi a mu kompyuta za eni asalowemo. Mukafufuta zithunzi mwangozi, lichotseni khadilo pomwepo osajambulanso kanthu. Mapulogalamu monga PhotoRec ndi Recuva amatha kuzibweza.

Zopita nazo kwa mmisiri

Shata yakufa, chuku cha mkati mwa lenzi, madontho amafuta pa sensa, pini yopindika ndi kamera imene yagwa kapena kumira si zokonza pakhomo. Musamasule zomangira, pakuti mkati muli kachipangizo ka fulashi kosunga magetsi amphamvu ngakhale batire litachotsedwa. Pitani nayo kwa wokonza makamera amene ojambula anzanu anamuyesapo, ngakhale zitafuna ulendo wa ku Lusaka. Chotsani khadi, lembani manambala a kamera ndi lenzi pa lisiti, ndipo muuzeni ayambe wakuuzani mtengo asanagwire ntchito. Pa kamera yaing'ono yakale, kusintha shata kumatha kuyandikira mtengo wa ina yogwirapo kale ntchito. Zikatero sungani malenzi, fulashi, mabatire ndi tchaja, mugule kamera yokha ya kampani yomweyo imene imalandira batire lomwelo.